Tiyi wa Kuseri kwa Golo

"Si m'menemo," anatero a Kettie. "Umo ndi mwa mabulangete. Ubweze monga wapezera."

Clifton anakhala ngati sanamve. Anali atagwada m'chipinda cha makolo ake, mutu uli m'kabati, akutulutsa zovala za malemu bambo ake n'kumaziunjika pabedi: masuti a kutchalitchi, malaya, jekete la mvula. Bambo wamkulu wa mkazi ndi ana awiri, koma akupalasa ngati nkhuku padzala. Kumutu kwake kunali chipewa chachikasu chokhala ndi chithunzi cha bulu wotulutsa mano.

"Amayi, juzi ija ili kuti? Yachikasu ija, yakalekale."

"Kumene ili, ili. Tachoka, ndikufuna tayi yoti bambo ako avale."

A Tadeyo Gwaza anamwalira Lamulungu m'mawa akupukuta nsapato za kutchalitchi. Mtima unangoima, burashi ili m'manja. Tsopano linali Lachinayi, ndipo maliro anali oti aikidwa Loweruka m'mawa konkuno ku Glasgow, poti mwiniwake ananeneratu kuti sakufuna kudzakwera ndege ali m'bokosi ngati katundu. A Kettie analira Lamulungu ndi Lolemba. Lachiwiri anapukuta maso n'kuyamba kuona zoti anthu adye. Anakalambira pa ntchito yosamalira nkhalamba za eni dziko, ndiye imfa ankaidziwa: imabwera ndi ntchito yambiri, komanso ndi anthu ambiri osafuna kuigwira ntchitoyo. Chimene anali asanaonepo ndi imfa yobwera ndi zipewa.

Pabalaza pa kanyumba kawo ka ku Easterhouse amuna anali atadzaza mpaka pakhomo. Abusa akamapemphera zipewa zinkatsika n'kukhala pamaondo, akangoti ameni zinkakweranso. Akuluakulu a mpingo, anamwino, madalaivala, onse abulu pachipumi.

Nkhani ya buluyo inali yotere. Ali mnyamata, asanakwatire, a Tadeyo anatumizidwa ndi mpingo kukaphunzira za ulimi kwa chaka chimodzi pa koleji ina ya ku America, pakati pa minda ya chimanga. Kolejiyo inali ndi timu ya mpira wa kumeneko, uja wooneka ngati dzira, umene anthu amathamanga nawo m'manja atavala zisoti, n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo. Timuyo, imene chizindikiro chake chinali bulu, inali yoluza, yoluza mochititsa manyazi. Tsiku lina lozizira a Tadeyo anakhala m'bwalo lopanda anthu mpaka masewero kutha, atavala kashati kopyapyala kogula pamsika wa ku Ntcheu. Potuluka, mmodzi wa osewera ogonjawo anawaona akunjenjemera, n'kuvula juzi yake kuwapatsa.

Juziyo anabwera nayo ku Malawi, kenako anabwera nayo ku Scotland. Ulimi unathera m'njira, kuno ankatsuka mabasi, koma timu sanaitaye. Intaneti itafika m'nyumba, Loweruka lililonse nyengo ya masewero ankakhala okha pa kakompyuta kawo, juzi ili m'thupi, kuonerera anyamata awo akukwapulidwa. Anthu a kumpingo ankawaseka. A Kettie nawo ankawaseka.

Ndiye chaka chino, kaya anadya chiyani, bulu anayamba kupambana. Anagwetsa timu yaikulu imodzi, kenako ina, kenako inanso. A wailesi za kanema za ku America anaigwira nkhaniyo ndi manja awiri, ndipo anthu oti sangaloze pamapu pamene pali kolejiyo anayamba kugula zipewa. Mphepoyo inaomba mpaka ku Glasgow. Clifton anaika pa intaneti chithunzi cha bambo ake ali mu juzi ija, ndipo chinazungulira dziko. Tsopano, atamva za imfa, ochemerera timuyo anatumiza uthenga: banja likajambula vidiyo ya kumanda, juzi ili pabokosi, iwo aionetsa pa kanema wamkulu wa m'bwalo Loweruka lomwelo, masewero aakulu asanayambe.

"Alamu, takhalani pansi pang'ono," anaitana a Goodwill pamene a Kettie ankadutsa ndi thireyi ya makapu. "Tikambirane za zingwe."

A Goodwill anali mng'ono wa malemu, mkulu wa mpingo. Ankachita lendi kachipinda kapansi m'nyumba ina ya miyala m'dera la anthu olemera, koma polankhula ankangoti "kwathu ku Pollokshields," n'kusiya mawuwo alendewere m'mwamba.

Za zingwezo ndi mwambo wa kuno. Pabokosi amamangirirapo zingwe zisanu ndi zitatu, ndipo potsitsa maliro m'manda, chingwe chilichonse chimagwiridwa ndi munthu amene banja lamusankha. Kulemera kwenikweni amanyamula ndi antchito a kumanda ndi malamba awo, zingwezo ndi za ulemu chabe, koma ulemuwo ndiye waukulu pa maliro onse. Mayi wa kampani yoika maliro anasiya timakadi toti aliyense wosankhidwa alandire kake. A Kettie anatisiya pamwamba pa wailesi. Tsopano anationa tikusuzumira m'thumba la jekete la alamu awo.

"Ndaganiza kale, kuti musavutike," anatero a Goodwill. "Cha kumutu ndi cha Clifton, monga mwana wamwamuna. Cha kumiyendo ndigwira ine. Zotsalazo ndapatsa anyamata a timu, a Maxon awa ndi anzawo. Onse zipewa kumutu, juzi pabokosi. Achimwene apite ngati mfumu. America yense aona."

"Nanga Atupele?"

"Aaa, alamu. Kwathu mwana wamkazi sayandikira dzenje."

"Kwathu m'bale wa malemu sagwiranso chingwe. Ndi ntchito ya adzukulu. Kwathuko mwatengako kuti, mwasiya kuti?"

A Goodwill anatsokomola. Maxon, namwino wa pachipatala chachikulu, mnyamata wa mawu ambiri, analowererapo.

"Mayi, mwina simukumvetsa kukula kwake. Timu imeneyi panopa si ya koleji yokha ayi, ndi ya dziko lonse. Ana a alimi akugwetsa zimphona! Pa TV ndi iwo okhaokha sabata ndi sabata. Oimba otchuka akuvala chipewa chomwechi. Ukachivala m'tauni, anthu osakudziwa amakukwezera dzanja."

"Ndiye chimene mukufuna ndi moni? Ndikanakupatsani ine."

Amuna ena anaseka, n'kukumbukira kuti ali pa maliro.

"Si choncho, mayi," anatero Bonface, dalaivala wa basi amene anakhala pafupi ndi zenera. "Nkhani yawo ndi yathu. Ife obadwira m'umphawi, tikawaona timadziona."

"Munadziona liti? Asanapambane kapena atapambana?"

Sanadikire yankho. Anaika thireyi pansi, analowa kukhitchini, nabwerako atanyamula zipewa ziwiri zogadabuza. Chofiira chinali chodzaza ndi mapegi oyanikira zovala. Chapepo munali adyo.

"Ichi Clifton anachiiwala muno chaka chatha. Ndi cha anyamata aja munkati sagonja, mpaka anagonja. Ichi n'cha chaka chinacho. Zimagwira ntchito bwino ndithu. Chachikasu ndikuchidikira, mabatani anga alibe pokhala." Anayang'ana zipumi zonsezo chimodzichimodzi. "Chibwenzi cha nkhwangwa, chokoma pokwera. Amuna anga anakhala pakona apo zaka zonsezi, bulu akumenyedwa. Ndani wa inu anabwera kudzawathandiza kukhumudwa? Inu alamu munkati achimwene ali ndi chiwanda cha kuluza, mpaka munafuna kuwapempherera."

"Zinali nthabwala, alamu. Masiku ano si okumba zakale."

"Masiku ano ndi okumba basi. Loweruka tikumba."

Koma timakadi tinatsala m'thumba la a Goodwill, ndipo a Kettie sanafune kulimbana ndi jekete la mwamuna pamaso pa abusa.

Chakumadzulo, amayi a Mvano atapita kukaona ana awo, Clifton anapeza amayi ake kukhitchini. Atupele, mlongo wake wamng'ono, anali pasinki akutsuka makapu. Iyeyu anakulira konkuno, ndipo Chichewa chake chinkatuluka pokhapokha akakwiya.

"Amayi, mwandichititsa manyazi pamaso pa anzanga."

"Manyazi unabwera nawo wekha, ali kumutu."

"Ndawalonjeza anthu a ku America."

"Wawalonjeza bambo ako? Ndi ako wekha?"

"Asiyeni, mum," anatero Atupele osatembenuka. "Agwire zingwe zawozo. Ine ndiima kumbuyo ndi azimayi, monga wanenera bambo wamng'ono wa ku Pollokshields."

Clifton anakoka mpando n'kukhala. Anavula chipewa, nayamba kuchizunguza pachala.

"Moyo wanga wonse ine ndi abambo sitinakhalepo ndi nkhani. Ndikabwera, muli bwanji, ndili bwino kaya iwe, basi. Chaka chino ndinati ndapeza pokumanira. Ndinawagulira TV yaikulu. Loweruka lililonse ndinkabwera ndi anzanga. Ndiye iwo? Masana atuluka osanena kumene akupita. Akabwera, nsapato zili matope, angodutsa pabalaza n'kudzakhala muno kusenda mbatata. Timu yawo ikupambana koyamba chibadwire, iwo akusenda mbatata! Ndinalakwa chiyani?"

"Zaka zonse zija pafupi ndi kompyuta panali mpando wachiwiri. Palibe anakhalapo," anatero a Kettie.

"Nanga inu munakhalapo?"

Madzi pasinki analeka kuthira. A Kettie anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta tebulo loyera kale.

"Ine ndinali ndi ntchito," anatero. Mawuwo sanawakomere ngakhale eniake.

Lachisanu masana, nyumba itadzazanso, kunamveka kugogoda kwa munthu wosadziwa kuti pa siwa sagogoda. Atupele anatsegula. Pakhomo panaima azungu awiri. Wina anali wokalamba, wamtali, wa nkhope yofiira ndi mphepo. Winayo anali wojintcha, wa zaka ngati za Clifton, wotsimphina pang'ono, atakumbatira jumbo ya pulasitiki pachifuwa ngati mwana.

Wamkuluyo anati dzina lake ndi Sam. Analankhula Chingerezi cha ku Glasgow, chija amatafunira mawu m'kamwa, koma a Kettie anasambitsa nkhalamba zokwanira zolankhula choncho.

"Pepani, mayi. Tangomva dzulo. Ine ndimayendetsa katimu ka mpira ka abambo a m'dera lino, timasewera pabwalo la khonsolo kuseri kwa mashopu. Uyu ndi Dougie, goloboyi wathu. Tabweza katundu wa Teddy." Ndi mmene iwo ankawatchulira a Tadeyo.

Dougie anatsegula jumbo. Munali fulasiki yakale yobiriwira, imene a Kettie anaisakasaka sabata yonse. Pansi pake panali juzi yachikasu, yosuluka, yosokedwa m'zigongono, bulu wake atatsala mutu wokha.

Pabalaza panaphulika. Amuna anaimirira, mafoni anatuluka m'matumba. A Goodwill anaitsomphola juziyo n'kuitambasula m'mwamba ngati mbendera.

"Yapezeka! Mulungu ndi wabwino! Clifton, bwera uime apa. Maxon, jambula."

"Munaipeza kuti?" anafunsa Clifton.

Dougie anakanda m'khosi. "Anandibwereka. Loweruka lapitali kunazizira kwambiri, ndiye ine m'golo ndimangoima. Kapena ndinene kuti ndimaima, kenako ndimawerama kutola mpira mu ukonde. Anandiona ndikunjenjemera, anaivula. Ndinati ndikaichape kaye."

"Abambo ankabwera kwa inu?"

"Loweruka lililonse, kuyambira pamene nyengo inayamba," anatero Sam. "Ife chaka chino sitinapambaneko. Ngakhale kufanana zigoli. Akazi athu anasiya kubwera, galu wa Dougie nayenso anasiya. Tsiku lina tingoona bambo wachikulire waima kuseri kwa golo, m'mvula. Ndinkayesa akudikira basi pamalo olakwika. Sankakuwa, sankapereka malangizo. Koma akangomuchinya Dougie, iwo ankatsegula fulasiki. Pamene anzathu akukumbatirana uko, Dougie akumwa tiyi."

"Masewero ena ndinamaliza fulasiki yonse tisanapume," anatero Dougie, n'kupukuta mphuno ndi nkhonya. "Ndinawafunsa kuti, Teddy, mulibe timu yabwinoko yoti muzionera? Anati anali nayo, koma yapeza abale ambiri, sikuwafunanso."

Maxon anali akujambulabe, koma dzanja linali litatsika.

A Kettie ankadziwa kumene amuna awo ankapita. Tiyi ankawiritsa ndi iwo, mathalauza a matope ankachapa ndi iwo, akung'ung'udza kuti munthu wamkulu akufuna chibayo chifukwa cha abambo a mimba osadziwa kumenya mpira. Koma zoti fulasiki inkatsegulidwa nthawi yanji, sankadziwa. Anakumbukira tsiku lina ku Zomba, ali mtsikana, zotsatira za mayeso a unamwino zitatuluka. Anzawo opambana ananyamulidwa m'mwamba ndi abale awo. Iwo anatulukira chipata cha kuseri kuti asaonedwe. Pamenepo anapeza mnyamata wina wa kwaya, amene anali asanamuyankhulepo bwinobwino, ataima ndi botolo la Fanta lotsegula kale. Anangowapatsa.

A Goodwill sanachedwe. Anapatsa Bonface juzi, anapisa m'chikwama n'kutulutsa zipewa ziwiri zatsopano.

"Abale athu, mwachita bwino kwambiri. Landirani izi, mawa mudzavale. Mudzaima kumbuyo kwathu, nanunso mudzaoneka ku America."

Sam anachiyang'ana chipewacho uku ndi uku. "Ndi timu yanji imeneyi?"

A Kettie anayenda kudutsa pabalaza. Analanda juzi m'manja mwa Bonface. Inkanunkha sopo wachilendo, ndi kafungo ka mankhwala opaka maondo. Anaipinda, naiika kukhwapa. Kenako anatambasula dzanja kwa alamu awo.

"Timakadi."

"Alamu, tinamaliza kale nkhani imeneyi. Anthu ndawalonjeza."

"Mwamuna ndi wanga. Ndinamuchapira, ndinamuphikira, ndinamuseka, ndipo ndamutseka maso. Timakadi, kapena ndipise ndekha m'thumbamo abusa akuona."

Abusa anayamba kufufuza vesi m'Baibulo. A Goodwill anatulutsa timakadi.

A Kettie anagawa ataimirira, ngati akugawa mankhwala a m'mawa. Ka kumiyendo anapatsa Atupele. Kena Sam, kena Dougie, amene anakalandira ndi manja awiri n'kuyang'ana pansi. Kena mkazi wa Clifton, kena mayi wina wa Mvano amene ankakwecha mapoto kuyambira Lamulungu osatsegula pakamwa. Kena anabwezera a Goodwill.

"Magazi ndi magazi. Chingwe chimodzi, osati maliro onse."

Kena anaika m'chikwama chawo. Kanatsala kamodzi, ka kumutu. Anakaika patebulo patsogolo pa Clifton.

"Aka n'kako, palibe angakulande. Koma wogwira chingwe cha amuna anga agwira ndi manja awiri, mutu wopanda bulu. Ukafuna chipewa, ukaime kumbuyo ndi anzako, cha kumutu ndigwira ndekha pamodzi ndi changa."

"Nanga juzi, amayi? Popanda juzi vidiyo ija ilibe ntchito."

"Juzi ndi ya amoyo. Wakufa sazizidwa."

Clifton anatuluka osatsanzika. Kakadi kanatsala patebulo. A Kettie anakasiya pomwepo, ndipo anthu ankaika makapu mokalambalala. M'mawa mwake kanalibepo, koma sanadziwe ngati anakatenga ndi mwiniwake kapena wina wa chipewa.

Loweruka kunacha ndi mvula yowaza, ija ya kuno yosagwa koma yonyowetsa. Kumanda anthu anabwera ambiri kuposa amene a Tadeyo anawapatsapo moni moyo wawo wonse. Ena a Kettie sanawadziwe n'komwe: anyamata a ku yunivesite, a ku America awiri atatu okhala m'tauni, onse achikasu, atamva pa intaneti kuti pali maliro a timu. Anaima mbali imodzi ngati munda wa mpendadzuwa. Mbali inayo kunaima abambo khumi ndi angapo a masuti obwereka, tsitsi lonyowa, manja kumbuyo.

Amayi a Mvano anaimba. Abusa anafupikitsa, poti a Kettie anawachenjezeratu za mvula. Kenako bambo wa kampani ya maliro anaimirira pamutu pa dzenje n'kuitana wa chingwe choyamba.

Palibe anasuntha. Clifton anali pakati pa anzake, pafupi ndi Maxon, chipewa chili kumutu, madzi akudontha pa kansonga kake. Mafoni onse anali atamuloza. A Kettie anayamba kuvula magolovesi kuti agwire zingwe ziwiri.

Bambo uja anaitananso.

Clifton anatuluka m'gulumo. Anayenda pa udzu woterera mpaka pamene panaima amayi ake. Sanawayang'ane kumaso. A Kettie anatsegula chikwama chawo chakuda, n'kuchigwira chotsegula. Clifton anavula chipewa, anachipinda pakati, nachiponya m'katimo. Chikwama chinatsekeka kuti kwatsu.

A Goodwill, ataona kuti atsala okha achikasu pamphepete pa dzenje, anabisa chawo m'jekete mofulumira ngati munthu wobisa fodya.

Bokosi linatsika pang'onopang'ono. Chingwe chinali chofewa m'manja, chopanda kulemera kulikonse, ndipo a Kettie anakwiya nacho pang'ono: munthu wa zaka zonsezi, osamveka n'komwe m'mikono. Atauzidwa kuti asiye, zingwe zinagwera pabokosi chimodzichimodzi. Cha Clifton chinagwa chomaliza.

Chakudya chinali mu holo ya m'dera imene mpingo unabwereka. Anthu asanamalize mpunga, anyamata anali atayamba kale kukoka mawaya, kukonza kanema wamkulu kukhoma. Masewero a ku America anali oyamba chakumadzulo. A Kettie anakhazikidwa pampando wa kutsogolo, pakati pa amayi awiri oti aziwagwira mapewa. Kumbuyo kwawo ankamva Maxon akudandaula.

"Ndatumiza, koma akuti mitundu ya timu sikuoneka pabokosi. Akuti aona ngati nthawi ilipo."

"Komanso lero akukumana ndi zimphona zenizeni," anatero Bonface. "Ajawa sanagonjepo chaka chino. Mwaona zipewa zawo? Zakuda, za mzere wagolide. Zokongola kwabasi."

A Kettie anadzuka.

"Mukufuna chiyani, mayi? Tikutengereni."

"Ndili ndi miyendo."

Analowa kukhitchini ya holoyo. Anatulutsa fulasiki yobiriwira m'jumbo, anaitsuka ndi madzi otentha, anathiramo tiyi wa mkaka, shuga wambiri. Anaikulunga mu juzi kuti isazizire, navala chikhoti. Pakhomo mayi wamkulu wa Mvano anawatsekereza.

"Mayi Gwaza, namfedwa satuluka tsiku la maliro. Anthu anena chiyani?"

"Anena zimene akhala akunena. Sungani mpunga wa ana."

Bwalo la khonsolo silinali patali. Linali dambo la matope lozunguliridwa ndi waya, kuseri kwa mashopu otseka. Masewero anali atayamba kale. Abambo aja anali atasintha masuti n'kuvala makabudula, ndipo ankathamanga ngati anthu othamangitsa basi yoti yanyamuka kale. Sam ankakuwa m'mphepete mawu osayenera tsiku la maliro. Woonerera panalibe.

A Kettie anazungulira mpaka kuseri kwa golo la Dougie. Panali kamalo kena pamene udzu unatha, dothi lili gwaa, kokwana mapazi awiri. Anaima pamenepo. Mpirawo anauona kuti ndi wonyansa monga ankaganizira.

Patapita kanthawi anamva mapazi m'matope. Clifton anadzaima pambali pawo, mu suti yake yopyapyala ya pa maliro, wopanda ambulera, mutu uli pamtunda.

"Masewero ako aja ayamba posachedwa," anatero a Kettie osamuyang'ana.

"Ali ndi anthu ambiri."

Anaima. Mphepo inkadutsa pabwalopo ngati ili ndi mangawa ndi munthu. Clifton anapinda manja m'khwapa, mano akuyamba kugundana.

"Ndiye timatani? Tizichemerera?"

"Bambo ako sankachemerera. Ungoima."

Sanadikire nthawi yaitali. Mnyamata wina wa timu inayo anadutsa abambo atatu ngati mitengo, naumenya mpira chapansipansi. Dougie anagwera kumanja, mpira unapita kumanzere, ukonde unagwedezeka n'kuwaza madzi pa chikhoti cha a Kettie. Uko anthu anakumbatirana. Dougie anadzuka pang'onopang'ono, matope mpaka m'khutu, anawerama kutola mpira, ndipo mwachizolowezi anacheukira kuseri kwa golo.

A Kettie anamasula fulasiki mu juzi. Juziyo anaikankhira pachifuwa cha mwana wawo.

"Vala, ukunjenjemera."

Kenako anapotokola chivindikiro, nathira tiyi, n'kupisa kapu pa bowo la ukonde.